Madontho a Abiti Kasimu

Ine ndine Zulaikha wa ku Kawale, kuseri kwa msika, nyumba za mdadada za amake Owen zija, chitseko chachitatu. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma musandiderere, nkhani ndimazidziwa. Mukafuna kumva kuti ndani wabwezedwa ku ukwati, ndani wagula sofa yokana kulowa pakhomo, kaya ndani akuphikira mwamuna wa eni, mubwere pampopi m'mawa, mudzandipeza. Amayi amati pakamwa panga anaiwala kuikapo chitseko. Sindikana ayi.

Koma nkhani iyi inanditsamwa milungu itatu yathunthu.

Amayi anga ndi Abiti Kasimu, atelala a pakhonde la golosale yobiriwira ija, moyang'anana ndi ogulitsa makala. Ababa ali ku Joni, chaka chachinayi chino, ndiye makina osokera aja ndiwo munda wathu. Diso la Amayi lakumanzere linafa kalekale ife osadziwa. Silinatuwe, silinatupe, mukaliona lili bwinobwino ngati lanulo. Tinadziwira tsiku lomwe anthu a kafukufuku wa maso anabwera kukiliniki ya kwathu kuno n'kumaitana aliyense wopitirira zaka makumi anayi. Amayi anangopita moperekeza mnzawo. Atawaphimba diso lakumanja n'kuwafunsa kuti akuona chiyani, iwo akuti, "Kodi magetsi azima?"

Nthenda yake akuti gulukoma. A Jennifer, anesi a kafukufukuyo, aatali, okonda kuseka, anatifotokozera kuti m'diso muli timadzi tomwe timalowa n'kumatuluka. Ngalande yake ikatsekeka, timadzito timapanikiza mtsempha wa kumbuyo kwa diso mpaka kuupha pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali kulowera pakati. Sizipweteka, n'chifukwa chake munthu sadziwa. Ndipo pomwe pafa pafa, sipabwerera. Lakumanja nalo linali litayamba kudyeka m'mbali, koma pakati panali pabwino, ulusi ankalowetsa okha pasingano.

Kupanikiza kwa timadzito amayeza ndi kachipangizo kogunda padiso pang'ono, kenako kamalira n'kulemba nambala. A Jennifer anati nambalayo izikhala pansi pa 21. Ya Amayi inali 33.

Kafukufuku wake anali wofuna kuona chomwe chikuthandiza anthu a kuno: ena ankawawalitsa m'diso ndi makina a kuwala kwamphamvu otchedwa leza, ena ankawapatsa madontho. Amayi maere anawagwera ku madontho. Dontho limodzi akatha kuswali m'mawa, lina madzulo. Kabotolo kake kakang'ono ngati chala chachikulu, kolembedwa nambala yawoyawo. Mwezi ukatha tinkakabweza kuchipatala cha maso, a Jennifer n'kukaika pakasikelo kuti aone ngati munthu akuthiradi. Miyezi iwiri yoyamba nambala inatsika mpaka 17. A Jennifer anachita kuwomba m'manja, n'kumauza odwala ena pabenchi kuti, "Muzitengera Abiti Kasimu awa, sadumphitsa ngakhale tsiku limodzi." Amayi tsiku limenelo anayenda ngati avekedwa mendulo.

Za diso lakufalo sindinauze munthu. Imeneyo ngakhale ine ndinkadziwa: telala wa diso limodzi anthu amamuthawa, asoke bwino chotani.

Kenako kunabwera maso ofiira aja. Mukukumbuka inu, Kawale yense magalasi akuda ngati tonse ndife oimba. Ana kudzuka zikope zitamatirana ndi manthongo. Anthu anathira zinthu m'maso, abale! Madzi a shuga, mkaka wa m'mawere, ena mpaka mkodzo, sinditchula maina koma ndi a chitseko chomaliza.

Tsiku lina pampopi Thokozire, mwana wa amake Owen, ankadzitama kuti amalume ake amutumizira magalasi ochokera kunja, akuti nthenda singadutse. Ine mtima unandiyabwa. Ndinati, "Magalasi n'chiyani? Ife kwathu Amayi ali ndi madontho enieni, a kafukufuku, kabotolo kake mpaka kali ndi nambala. Mwaona wina wafiira maso kwathu?"

Basi. Ndowa yanga isanadzaze n'komwe, nkhani inali itafika.

Madzulo omwewo tinangomva, "Odi kuno, amake Zulaikha!" Anali amake Owen, eni nyumba, diso limodzi lili psuu, misozi ili chuchuchu.

"Lowani, amayi."

"Sindikhalitsa, achemwali. Ndamva kuti muli ndi timankhwala ta maso."

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayamba kupukuta mbale youma kale.

"Amenewo ndi a nthenda ina, amake Owen. Anandiuza kuti ndi anga ndekha."

"Iii, diso ndi diso, achemwali. Kadontho kamodzi kokha. Kapena ife za kunjazo sitiyenera?"

Tsono inu mukudziwa mmene timakhalira m'midadada muno. Mchere timapemphana, moto timapalana, simbi imodzi imazungulira zitseko zonse. Ukagula mankhwala a mutu sakhala ako wekha. Ndipo amake Owen si eni nyumba chabe. Chaka chomwe Amayi anagona ndi malungo aakulu, ndi iwo ankawasambitsa. Munthu wotero ungamuyankhe kuti ayi, kabotolo kali pawindo akukaona?

Amayi anawakhazika pampando, kuwagadamitsa mutu, dontho.

Vuto lake maso ofiira aja amatha okha pakapita masiku. A Jennifer anadzatiuza pambuyo pake, koma ife tinkadziwa? Amake Owen atachira, anakauza azimayi a kutchalitchi kwawo kuti Abiti Kasimu ali ndi mankhwala oopsa. Loweruka pakhomo pathu panali mzere. Thokozire yemwe uja ndi magalasi akewo, mapasa a amake Tahir, mkazi wa ogulitsa makala, mpaka mayi wina wa ku Biwi yemwe sitinkamudziwa n'komwe. A Grain osoka nsapato anafika akuseka, akuti, "Asisita, odwala anu tafika, khadi tidulira kuti?" Anthu n'kumaseka. Aliyense maso awiri, ena kubwereranso mawa lake kuti dontho ladzulo linagwera patsaya. Amayi ankangoti, "Kupatsa n'kuika," uku akufinya kabotolo, koma ine ndinkaona dzanja lawo likuzengereza.

Kabotolo ka mwezi wathunthu kanatha m'masiku naini.

"Tiyeni tikauze a Jennifer atipatse kena," ndinatero.

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti mayi wachitsanzo uja wagawa mankhwala awo ngati zitumbuwa? Anandichenjeza pamaso pako iwe. Akandifufuta m'kaundula, madonthowa ndiziwatenga kuti?"

"Nanga diso?"

"Milungu itatu si chaka."

Anawiritsa madzi m'ketulo n'kuwasiya azizire m'kapu. Kenako anafinya kabotolo, kuviika kamlomo kake m'madzimo, n'kukasiya kuti kayamwe. Anakayang'ana padzuwa, kubwezako pang'ono, kuyang'ananso, mpaka anafika pomwe mankhwala akanakhala akanati azithira okha. Telala amadziwa muyeso.

"Mphamvu yake ikadalimo m'mbalimu," anatero, koma osandiyang'ana. Kenako anandigwira khutu. "Tamvera, Zulaikha. Pakamwa pakopo ndi pomwe patifikitsa apa. Ukangoyerekeza kuuza munthu za madziwa, kaya pampopi, kaya kuchipatala, usadzanditchulenso kuti amayi. Wamva?"

"Ndamva."

"Lumbira."

Ndinalumbira.

Kwa aneba anati mankhwala atha. M'mawa ndi madzulo ankathira madzi aja m'diso, kuti kabotolo kazitsika monga mwa masiku onse.

Mlungu woyamba panalibe kanthu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina mphamvu ija inalimodi. Mlungu wachiwiri anagwetsa kapu ya tiyi yomwe inali pafupi ndi chigongono chawo, n'kundikalipira kuti ndaiika pobisika. Tsiku lina pakhonde ankafufuza sizasi, kutembenuza nsalu zonse, sizasi ili pompo pafupi ndi dzanja lawo. Kasitomala anali pomwepo, mayi wa diresi la chinkhoswe, maso ali pa Amayi. Ine ndinangoitola msanga n'kunena kuti, "Pepani Amayi, ndinaibwereka ndine."

Lachitatu la mlungu wachitatu tikuwoloka msewu wa kumsika, njinga yamoto ya kabaza inatulukira kumanja. Aliyense anaiona. Amayi anangolowa mumsewu ngati mulibe kanthu. Ndinawakoka mkono, wakabaza n'kukhotera m'ngalande uku akukuwa, "Mayi inu, maso mulibe?"

Amayi anaima kaye, akupuma mofulumira. "Amathamanga ana amenewa," anatero.

"Amayi, tiyeni kuchipatala mawa."

"Tsiku lathu ndi Lolemba."

"Koma simunaione n'komwe..."

"Ndati Lolemba."

Pakhadi la kafukufuku panali nambala ya a Jennifer, anati tiziimba pakakhala vuto lililonse. Masana omwewo Amayi akuswali, ndinatenga foni yawo n'kuthawira nayo kuseri kwa bafa. Nambalayo ndinalakwitsa kawiri. Kachitatu inayamba kuitana.

"Halo, Abiti Kasimu? Zili bwino?"

Pakamwa panga pomwe paja, pomwe sipanatsekepo chibadwire, panauma gwa.

"Halo? Mukundimva?"

Ndinadula. Ndisanaibweze n'komwe pamkeka, foni inalira. Amayi anali atamaliza. Anailanda, kuyang'ana dzina, n'kuyankha ndi mawu a shuga: "Ayi anesi, ndi mwanayu amaseweretsa foni. Tili bwinobwino. Eya, Lolemba." Atadula anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako foni anailowetsa m'thumba la diresi. Sinatulukenso.

Masiku amenewo pampopi anzanga ankandifunsa ngati ndikudwala. Thokozire mpaka anati, "Wailesi yatha mabatire?" Ndinkangotunga n'kumapita. Mkazi wa kondakitala wina anathawa ndi mipando yonse, ine osafunsa ngakhale kuti walowera kuti. Ndinkaopa kuti ndikatsegula pakamwa ituluka ija.

Lolemba tinakwera minibasi ya m'mawa. Amayi anavala diresi lawo labuluu, kabotolo atakamanga pakona ya mpango. Pabenchi panali anthu ambiri. Masiku ena ndikanadziwa kale mbiri ya aliyense tisanaitanidwe. Tsiku limenelo ndinkangoyang'ana mayi wina wa ku Chinsapo, msinkhu ngati wa Amayi, akupapasa khoma kufuna chitseko.

"Abiti Kasimu!" a Jennifer anaitana. "Mayi wanga wachitsanzo, lowani. Zulaikha, lero watibweretsera nkhani yanji?"

"Palibe, anesi."

"Palibe? Lero kugwa mvula."

Anaika kabotolo pasikelo n'kulemba. "Ndendende. Simunaphonye." Kenako anathira Amayi kadontho kochititsa dzanzi n'kutenga kachipangizo kaja. Kanalira. A Jennifer anayang'ana, kuseka kuja kunachoka. Anayezanso. Anagogoda kachipangizoko ndi chala, n'kuyeza kachitatu.

"Ndi zingati?" ndinafunsa.

"36. Dikirani pompo."

Anabwera ndi a dokotala Lucious, abambo aafupi a imvi m'mbali, olankhula motsitsa. Anawatengera Amayi kuchipinda cha makina ena, aja oti munthu amatsamiritsa chibwano n'kuyang'ana m'kati mwa chinthu chonga beseni loyera. Timagetsi timaphethira uku ndi uku, ukaona umadina batani. Ulendo wapita ndinkamva batani likulira pafupipafupi, ti, ti, ti. Tsiku limeneli linkalira kamodzi, kenako zii, mpaka ine kumafuna kukuwa kuti dinani Amayi, dinani.

Pepala litatuluka, adokotala analiika pambali pa lakale. Ngakhale ine wa Sitandade 6 ndinaona. Ndi chithunzi chozungulira, poyera ndi pomwe diso likuona, pakuda ndi pomwe pafa. Palakale mdima unali m'mphepete. Palatsopano unali utakwera kuchokera pansi, kutsala pang'ono kukhudza pakati.

"Amayi," adokotala anatero, "ndikufunsani, ndipo musaope. Madonthowa mukuthira tsiku lililonse?"

"Eya, adokotala."

"M'mawa ndi madzulo? Palibe tsiku lomwe munadumphitsa, kaya kumaliro, kaya paulendo?"

"Palibe."

Anatembenukira kwa ine. "Iwe umakhala nawo. Umawaona akuthira?"

Phazi la Amayi linaponda langa pansi pa tebulo.

"Amathira," ndinatero. Mawu anatuluka ngati a mwanapiye.

Adokotala anapumira m'mwamba. "Sikelo nayo ikuvomereza. Ndiye kuti mankhwalawa asiya kugwira m'diso mwanu. Zimachitika kwa ena, ndipo tilemba choncho m'kafukufuku. Koma diso ili silingadikire mwezi wina. Pa nambala imeneyi mdimawu ufika pakati. Ndikufuna tichite opaleshoni Lachinayi lino, titsegule kangalande katsopano."

"Opaleshoni?" Amayi anafunsa. "Pa diso lomweli?"

"Lomweli. Sindikubisirani. Ambiri imawayendera bwino. Koma diso likafika pamenepa, pali ena ochepa omwe amadzuka kuwala kotsalako kutachepa, mwinanso kutapita. Mankhwala akanakhala kuti akugwira, sindikanalikhudza ndi mpeni, poti ndi limodzi. Koma akana."

Panja pankamveka wina akukolopa.

Ndinayang'ana Amayi. Ndinkati tsopano anena. Koma anangokonza mpango n'kunena kuti, "Mmene mwaoneramo, adokotala."

A Jennifer anabweretsa fomu, kuiwerenga yonse mokweza, mawu ndi mawu, n'kufunsa ngati pali funso. Panalibe. Anawapatsa cholembera. "Sainani pamzere wapansipo."

Amayi anayang'ana pepala. Cholembera chinayendayenda m'malere, chikufuna mzere. Mzere unali pomwepo, wakuda bii, koma unali pansi, komwe kunakwera mdima kuja. A Jennifer anawagwira dzanja mwaulemu n'kuliika pamzerepo.

Ine khutu lija linkangotentha ngati andigwira kumene. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva mchere. Cholembera chinayamba kulemba A.

"Ndi madzi!"

Onse anatembenukira kwa ine.

"M'kabotolomo ndi madzi a m'ketulo! Mankhwala anatha kalekale, tinagawira anthu a maso ofiira, ndine ndinaulula pampopi, ndiye amake Owen anabwera, ndiye Amayi sakanakana, ndiye anthu anachuluka, milungu itatu akuthira madzi okhaokha, musawadule diso chonde, mankhwala sanakane, Amayi sanawathire!"

Zonsezo mpweya umodzi. Cholembera chinagwa pansi n'kugubuduzika mpaka kukhoma, palibe anachitola.

"Mwana uyu ndi wabodza," Amayi anatero, mawu ali pansipansi. "Kawale yense akumudziwa."

A Jennifer anatsegula kabotolo, kudonthezera padzanja lawo, kupaka ndi chala. "Athu aja amatererako," anatero kwa adokotala. Kenako anapita kukatseka chitseko.

Apo m'pamene Amayi anaphimba nkhope ndi mpango. Sindinawaonepo akulira choncho, opanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Ndikanawakana bwanji?" anatero m'kati mwa mpangomo. "Munthu anandisambitsa ine ndili gone. Ndikanati chiyani?"

Adokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi. Fomu ija anaivundikira patebulo. Sanakalipe. Mwina bola akanakalipa.

"Amayi, ndikanakudulani diso pa chifukwa chomwe palibe. Ndiponso tikanalemba kuti mankhwalawa sagwira, mawa anthu ena n'kudzamanidwa chifukwa cha pepala lanu." Anatembenukira kwa ine. "Amene anathiridwa ndi angati? Ukuwadziwa?"

Kuwadziwa? Ndinawatchula onse khumi ndi anayi, nyumba zawo, ndi tsiku lomwe aliyense anabwera. A Jennifer ankalemba mpaka anatembenuza tsamba. Atafunsa ngati pali wa mphumu, ndinati a Grain osoka nsapato, ndipo tsiku lomwe anathiridwa anaweruka msanga akuti pachifuwa pathina. Adokotala anati madontho amenewa wa mphumu amatha kumutsekeratu chifuwa, ndipo a Jennifer akawaone a Grain mawa lomwe. Amayi atamva zimenezo anasiya kulira.

"Mundichotsa?" anafunsa.

"Ayi. Koma tilemba zoona, zonse. Naka kabotolo katsopano, ndi mapiritsi awa otsitsa nambala mwachangu. Mubwere Lachisanu. Ikatsika, opaleshoni tiiimika kaye. Ikapanda kutsika, fomu ija ikudikirani." Anakhudza pepala lija pomwe mdima unakwera. "Koma apa pokha musayembekezere. Apa papita."

Mu minibasi Amayi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Kunyumba sanandimenye, sananditukwane. Anangosiya kundiona. Akafuna madzi ankanyamuka okha. Chakudya ankandisiyira patebulo ngati cha mlendo. Ndikawaitana ankangopitiriza zomwe akuchita.

Lachiwiri a Jennifer anabweradi kwa a Grain ndi galimoto ya kafukufuku, ndiye mukudziwa Kawale, dzuwa lisanapendeke aliyense anali atamva kuti Abiti Kasimu alandira kabotolo kena. Ulendo uno sindine, ndikunenetsa.

Madzulo ake, "Odi, achemwali!" Amake Owen, atabereka kamdzukulu kawo, timaso tili psuu. "Ndamva za a Grain, koma uyu mphumu alibe. Kadontho kamodzi."

Ine ndinali panja ndi tsache. Kabotolo sikanalinso pawindo, Amayi anakamangirira m'chiuno. Anatuluka n'kuima pakhomo, osanena kuti lowani.

"Sindikupatsani, amake Owen."

"Mwati bwanji?"

"Bweretsani dzanja." Anatenga dzanja la amake Owen n'kudziphimba nalo diso lakumanja. "Panopa sindikukuonani. Ngakhale dzuwalo sindikuliona. Ili linafa. Latsala ndi lomwe mwagwirali, nalonso latsala theka. Mankhwala aja ndinkakuthirani anali olisunga. Mwanayo mupite naye kukiliniki, awa samuchiza."

Pabwalo panali anthu. Mkazi wa ogulitsa makala akuanula zovala, amake Tahir akusenda mbatata. Onse anamva. Amake Owen anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono n'kumaliyang'ana.

"Bwanji osanena nthawi yonseyi?"

"Ndanena lero."

Anakonza mwana kumsana n'kutembenuka, osatsanzika. Sindinadziwe ngati akwiya kapena achita manyazi, ndipo sindinapite kukafufuza. M'mawa mwake mayi wa diresi la chinkhoswe uja anabwera pakhonde kudzatenga nsalu yake yosasoka, akuti wasintha maganizo pa sitayilo. Amayi anaipinda bwinobwino n'kumupatsa.

Lachisanu tinabwerera kuchipatala. A Jennifer sanachite nthabwala, anangoti lowani. Kadontho ka dzanzi, kachipangizo. Kanalira. Ndinatsinzina ngati akuyeza ine.

"19."

"Yezaninso," Amayi anatero.

Anayezanso. "19, Abiti Kasimu."

Adokotala anabwera, anaona, n'kunena kuti opaleshoni aiimika kaye, tibwerenso pakatha milungu iwiri, ndipo kuyambira tsopano mabotolo onse a kafukufuku aziwayang'ana ndi m'kati momwe, osati kulemera kokha. Amayi anati zikomo kwa adokotala, kwa a Jennifer, mpaka kwa abambo okolopa. Kwa ine ayi.

Potuluka pali masitepe atatu otsikira kumsewu. Amayi anali patsogolo. Anafika pamphepete n'kuima. Anaweramitsa mutu kwambiri kufuna kuona pomwe sitepe yathera, phazi lili m'mwamba likufufuza. Anthu ankawadutsa mbali zonse. Ine ndinaima kumbuyo, osadziwa ngati ndikuloledwa kuwagwira.

"Zulaikha."

"Ndili pano."

"Bwera mbali ino. Uzindiuza."

Ndinawagwira mkono. "Yoyamba iyo, tsikani. Yachiwiri." Dzanja lawo linandifinya mpaka kupweteka. "Yatsala imodzi."